Sikelo yobera: momwe tsankho limagwirira ntchito m'polisi ndi m'makhoti a ku America

Mu 2007, mayi wina wachikuda, ali mumzinda wa Ferguson, m'chigawo cha Missouri, anaimika galimoto yake pamalo osaloledwa. Anamulembera chindapusa cha madola 151. Mayiyu anali pa umphawi, nthawi zina analibe ngakhale pogona, moti masiku ena a khoti ankawaphonya ndipo ndalama sankazipeza pa nthawi yake. Kuphonya kulikonse kunkabala mlandu watsopano, mlandu watsopanowo n'kubala chindapusa china pamodzi ndi chikalata chomumangira. Anamangidwa kawiri, anagona m'chitokosi masiku 6. Maulendo awiri anatumiza kangachepe komwe anapeza, madola 25 kenako 50, koma khoti linamubwezera, ati likufuna zonse pakamodzi. Pofika mu Disembala 2014 anali atapereka madola 550, koma ngongole yake inali idakali pa madola 541.

Nkhani ya mayiyu ili mu lipoti lomwe unduna wa zachilungamo wa dziko la America unatulutsa mu Malichi 2015, patatha miyezi 7 wapolisi wachizungu, Darren Wilson, atawombera ndi kupha mnyamata wachikuda wa zaka 18, Michael Brown, mumzinda womwewo. Tsiku lomwelo undunawo unanenanso kuti sunapeze umboni wokwanira woti ungazenge Wilson mlandu. Ambiri anangomva zimenezo n'kutseka makutu. Koma lipoti lija, lonena za mzinda wonse, ndi lomwe limafotokoza bwino chimene anthu amatanthauza akamati tsankho linalowerera m'kayendetsedwe ka zinthu.

Taonani kuti m'nkhani ya mayi uja mulibe womutukwana chifukwa cha khungu lake. Mulibe womumenya. Wapolisi analemba chimene lamulo limalola, kalaliki wa khoti anatsata ndondomeko, woweruza anasaina pepala lomwe anamuikira patebulo. Aliyense akanafunsidwa akanalumbira kuti alibe chidani ndi munthu wakuda, ndipo ena mwa iwo akanakhala akunena zoona.

Amene anagulitsako chimanga kapena soya kwa mavenda amaidziwa sikelo yokonzedwa mwachinyengo. Mnyamata woyeza akhoza kukhala wopemphera, wosadziwa n'komwe kuti bwana wake anaigwiragwira. Koma thumba lililonse lokwezedwa pamenepo limaperewera makilo awiri kapena atatu. Mukamuchotsa ntchito mnyamatayo n'kuikapo wina, mlimi aberedwabe, chifukwa chinyengocho chili m'chitsulo.

Sikelo ya ku Ferguson inkayeza chonchi. Mwa anthu pafupifupi 21,000 a mumzindawo, 67 pa 100 alionse anali akuda. Koma pakati pa 2012 ndi 2014, akuda anali 85 pa 100 alionse oimitsidwa pamsewu, 90 pa 100 alionse olemberedwa milandu, ndiponso 93 pa 100 alionse omangidwa. Dalaivala wakuda ankasechedwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mzungu, chonsecho katundu woletsedwa ankapezeka kawirikawiri kwa azunguwo. Panali mlandu wina wodabwitsa wonena za kayendedwe ka munthu pamsewu, ndipo 95 pa 100 alionse oimbidwa mlandu umenewu anali akuda. Mwa apolisi 54, akuda anali 4 okha. Chinkayendetsa zonsezi chinali ndalama. Mu bajeti ya 2015, khonsolo inkayembekezera kutolera madola oposa 3 miliyoni kuchokera ku zindapusa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a ndalama zake zoyendetsera mzinda. Mabwana a khonsolo ankalembera mkulu wa apolisi kumupempha kuti achulukitse matikiti, ndipo wapolisi wolemba milandu yambiri ndiye ankaonedwa ngati wakhama. Chidani chenicheni chinaliponso: ofufuzawo anapeza mauthenga a pa imelo onyoza anthu akuda omwe akuluakulu ena a polisi ndi a khoti ankatumizirana. Komabe ngakhale mauthenga amenewo akanapanda kupezeka, ngongole ya mayi uja ikanakhala yomweyo.

Kumene sikeloyi inasulidwa

Kumwera kwa America, ntchito yolondera misewu inayamba kalekale ngati ntchito yolondera akapolo. Ku Carolina, kuyambira mu 1704, kunali magulu a azungu oyenda pa mahatchi omwe ankaimitsa munthu wakuda aliyense, kumufunsa kalata ya mbuye wake, kusecha m'nyumba za akapolo ndi kusaka othawa. Si polisi yonse ya ku America yomwe inachokera kumeneko. Ya ku New York ndi ya ku Boston inatengera chitsanzo cha London. Koma chizolowezi choti munthu wakuda woyenda pamsewu afotokoze komwe akupita chinabadwira kumeneko.

Ukapolo unathetsedwa mu 1865 pokonzanso malamulo aakulu a dziko kachi 13. M'chiganizo chothetsa ukapolocho anasiyamo kampata: ntchito yokakamiza ndi yoletsedwa pokhapokha ngati ili chilango cha munthu wopezeka wolakwa. Zigawo za kumwera sizinachedwe kulowera pa mpata umenewu. Zinakhazikitsa malamulo oti munthu wakuda wopezeka alibe kalata ya ntchito ndi woyendayenda, amangidwe. Akalephera kulipira chindapusa, boma linkamubwereketsa kwa eni minda, migodi ndi makampani a njanji, iwo n'kumalipira boma. Chigawo cha Alabama chinasiya mchitidwe wobwereketsa akaidiwu mu 1928. Mpaka lero ndende yaikulu ya ku Louisiana imatchedwa Angola, dzina la munda wa akapolo umene unali pamalo omwewo, ndipo akaidi ake, ambiri akuda, amalimabe m'minda imeneyo.

Apa Amalawi sitingadabwe kwenikweni, chifukwa lamulo la vakabu ndi mphukira ya mtengo womwewo, malamulo a Angelezi olanga anthu oyendayenda, omwe atsamunda anabwera nawo kuno. Ku America khoti lalikulu kwambiri linagwetsa lamulo lotere la mumzinda wa Jacksonville mu 1972. Kwathu kuno linafika mpaka Januwale 2017, pamene khoti lalikulu linathetsa ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe apolisi anamugwira ku Blantyre akulawirira ku geni yake. Lamulo lotere silitchula mtundu kapena khungu la munthu. Limangopatsa wapolisi mphamvu yosankha woti amugwire, ndipo wogwidwa amadziwika kale.

Ku America, ukapolo utatha kunabwera zaka zambiri za malamulo olekanitsa mitundu, ndipo amene ankaonetsetsa kuti akutsatidwa anali apolisi. Agalu omwe analuma ana ochita zionetsero ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, mu 1963 anali a polisi, zibonga zomwe zinaswa mitu ya anthu pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma pa 7 Malichi 1965 zinalinso za polisi. Agogo ambiri amene ali moyo lero anaona zimenezi ndi maso awo, n'chifukwa chake m'mabanja achikuda makolo amakhazika ana awo pansi n'kuwalangiza zoyenera kuchita akaimitsidwa: manja pa chiwongolero, osayankha mokweza, osapisa m'thumba usanapemphe. Chinanso chinachitika mwakachetechete. M'zaka za m'ma 1930, boma linajambula mapu a mizinda n'kuzunguliza ndi mzere wofiira madera okhala akuda, kusonyeza kuti kumeneko n'koopsa kubwereketsako ndalama zogulira nyumba. Tsankho pa nyumba linaletsedwa mu 1968, koma umphawi unali utaunjikana kale m'madera amenewo, ndipo lero ndi komwe galimoto za polisi zimazungulira kwambiri.

Makilo operewera pa sitepe iliyonse

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndende za ku America zinali ndi akaidi pafupifupi 200,000. Pofika 2009 anali oposa 1.6 miliyoni, ndipo tikaphatikiza osungidwa m'ndende zing'onozing'ono za m'maboma, chiwerengero chinafika cha m'ma 2.3 miliyoni. Anthu akuda ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse m'dzikolo, koma m'ndende ndi pafupifupi mmodzi mwa akaidi atatu alionse. Kuti zifike pamenepa, munthu amadutsa masitepe angapo, ndipo pa iliyonse sikelo imapendekera pang'ono mbali imodzi.

Poyamba ndi kuimitsidwa. Mu 2011 apolisi a ku New York anaimitsa anthu mumsewu maulendo oposa 685,000 kuti awafunse kapena kuwasecha. Ambiri anali akuda ndi ochokera ku Latin America, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anamasulidwa opanda mlandu uliwonse. Mu Ogasiti 2013 woweruza Shira Scheindlin anagamula kuti kachitidwe kameneka kankaphwanya malamulo aakulu a dziko. Akuluakulu a mzinda anachenjeza kuti umbanda ukwera. Kuimitsa anthu kunatsika kwambiri, umbanda n'kupitirizabe kutsika. Ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anaunika zolembedwa za madalaivala pafupifupi 100 miliyoni oimitsidwa m'dziko lonselo, ndipo anapeza chinthu chochititsa chidwi: dzuwa likalowa, pamene wapolisi sangaone bwino khungu la dalaivala ali patali, gawo la akuda mwa oimitsidwa limatsika.

Kenako ndi mtundu wa mlandu. Akuda ndi azungu amasuta chamba mofanana ndithu, koma kafukufuku wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU wa mu 2013 anapeza kuti wakuda ankamangidwa chifukwa chopezeka nacho kuwirikiza pafupifupi kanayi. Lamulo la mu 1986 la mankhwala ozunguza bongo ndiye linaonjeza. Wogulitsa wopezeka ndi magalamu 5 a crack, yemwe ndi kokeni wophikidwa n'kuuma ngati timiyala, wotsika mtengo ndipo wofala m'madera a amphawi, ankalandira chilango chosachepera zaka 5. Kuti wogulitsa kokeni wa ufa, wokondedwa ndi anthu a ndalama, alandire zaka 5 zomwezo, ankayenera kupezeka ndi magalamu 500. Mankhwala ake ndi amodzi. Lamuloli silinatchule khungu paliponse, ndipo aphungu ena achikuda analivotera poona momwe crack ankawonongera madera awo. Kusiyanaku kunachepetsedwa mu 2010, kuchoka pa 100 kufika pa 18, osati kuthetsedwa.

Sitepe ya belo ndiyo imapweteka kwambiri amphawi. Mu 2010 Kalief Browder, mnyamata wachikuda wa zaka 16 wa ku Bronx, mumzinda wa New York, anamangidwa pomuganizira kuti anaba chikwama. Belo anamuikira madola 3,000, banja lake silinakwanitse. Anakhala pa rimandi kundende ya pachilumba cha Rikers zaka 3, pafupifupi ziwiri mwa izo ali m'chipinda cha yekha. Ankamunyengerera kuti angovomera mlandu atuluke, iye ankakana ati sanabe. Mu 2013 boma linathetsa mlanduwo osauzenga n'komwe. Mu Juni 2015 anadzipha ali ndi zaka 22. Chachilendo pa Browder n'chakuti anakana kuvomera. Ku America, milandu yoposa 9 mwa 10 iliyonse imene munthu amapezeka wolakwa imathera pa mgwirizano woti avomere kuti chilango chichepe, osafika pozengedwa. Munthu amene akuopa kutaya ntchito, nyumba ya lendi kapena ana akachedwa m'ndende amavomera msanga, kaya analakwa kaya ayi.

Akatuluka, mbiri ya mlandu imamutsata pofunsira ntchito, pofuna nyumba, ndipo m'zigawo zina ngakhale pa ufulu wovota. Katswiri wina wa zachikhalidwe, Devah Pager, anatumiza anyamata kukafunsira ntchito mumzinda wa Milwaukee atanyamula mapepala ofanana. Mzungu wonena kuti anakhalapo m'ndende anaitanidwanso maulendo 17 pa 100 alionse. Wakuda wopanda mlandu uliwonse anaitanidwa maulendo 14.

Mwina mukufunsa kuti makhoti amati chiyani akaona ziwerengero zotere. Yankho linaperekedwa mu 1987 pa mlandu wa Warren McCleskey, munthu wakuda amene anagamulidwa kuti aphedwe ku Georgia chifukwa chopha wapolisi wachizungu. Maloya ake anabwera ndi kafukufuku wa milandu yoposa 2,000 wosonyeza kuti wopha mzungu ankalandira chilango cha imfa kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi wopha wakuda. Khoti lalikulu kwambiri silinatsutse ziwerengerozo. Oweruza 5 mwa 9 anati McCleskey ankayenera kusonyeza kuti winawake pa mlandu wake weniweniwo anamusala mwadala. Kunena kwina, khoti linauza mlimi kuti sikelo yoperewera si umboni, abweretse umboni wa zimene zinali mumtima mwa woyeza. McCleskey anaphedwa mu 1991. Lewis Powell, woweruza amene analemba chigamulocho, atapuma pa ntchito ananena kuti akanatha kubwerera m'mbuyo akanavota mosiyana.

Apolisi a ku America amawombera ndi kupha anthu pafupifupi 1,000 chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa mtundu uliwonse, wakuda amaphedwa kuwirikiza kawiri kuposa mzungu. Wochokera ku Africa asaganize kuti izi ndi za eni dziko okha. Amadou Diallo, wa ku Guinea, anamuwombera zipolopolo 41 pakhomo la nyumba yake ku Bronx mu 1999 akutulutsa kachikwama ka ndalama, ndipo apolisi 4 onsewo anapezeka osalakwa. Patrick Lyoya, wothawa nkhondo ku Congo, anawomberedwa kunkhongo ku Grand Rapids mu 2022 ataimitsidwa chifukwa cha nambala ya galimoto. Kulanga wapolisi n'kovuta: lamulo limayeza zimene anachita potengera mantha omwe wapolisi wina aliyense akanakhala nawo pa mphindi imeneyo, mabungwe a apolisi ali ndi mphamvu, woimira boma pa milandu amadalira apolisi omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo nthambi za polisi zoima pazokha zilipo pafupifupi 18,000, moti wochotsedwa ntchito uku akhoza kulembedwa mumzinda woyandikana nawo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Derek Chauvin, wapolisi amene anapha munthu wakuda George Floyd pomugwada pakhosi kwa mphindi zoposa 9 ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, anagamulidwa zaka 22 ndi theka, koma chikalata choyamba cha polisi chinangoti munthuyo anadwala mwadzidzidzi. Chinasintha nkhani ndi vidiyo yomwe mtsikana wa zaka 17 anajambula pa foni.

Ndipo amene amaganiza kuti mankhwala ake ndi kungolemba apolisi ambiri achikuda akumbukire Tyre Nichols, munthu wakuda yemwe anamenyedwa ku Memphis mu Januwale 2023 n'kumwalira patatha masiku atatu. Apolisi 5 amene anamumenya onse anali akuda, a gulu lapadera losaka zigawenga m'madera a amphawi. Woyeza anasinthidwa, sikelo inali yomweyo.

Pali mfundo yotsutsa imene siyenera kunyozedwa. Ena amati apolisi amachuluka m'madera a akuda chifukwa kumeneko ndiye kumaphedwa anthu ambiri. Gawo lina ndi loona: mnyamata wakuda ku America ali pa chiopsezo chachikulu chophedwa ndi mfuti, ndipo kawirikawiri womupha si wapolisi. Koma mfundo imeneyi siifotokoza za chamba, za crack, za kusecha opanda kanthu, kapena za ngongole ya mayi wa ku Ferguson. Ndiponso m'madera omwewo, milandu yambiri ya kupha imatha popanda womangidwa. Anthu ake amadandaula zinthu ziwiri pakamodzi, kuti pa tinthu tating'ono apolisi amawapanikiza, koma pa zazikulu sawateteza. N'chifukwa chake mu 2020, mkati mwa zionetsero zokwiya ndi imfa ya Floyd, kafukufuku wa bungwe la Gallup anapeza kuti akuda 81 pa 100 alionse ankafuna kuti apolisi azipezeka m'dera lawo monga kale kapena kuposa. Mu Novembala 2021 anthu a ku Minneapolis komweko anakana pa voti ganizo lothetsa nthambi ya polisi n'kuikapo ina yatsopano. Chaka cha 2020 kupha anthu kunali kutakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 m'dziko lonselo, ndipo anthu anali ndi mantha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Njira zina zomwe anthu a m'madera ayesa sizinayambe ndi George Floyd. Zambiri zimachokera pa funso losavuta: mwa mavuto onse omwe anthu amaimbira 911, nambala yoitanira thandizo pa ngozi, ndi angati amene amafunikadi munthu wa mfuti ndi unyolo?

Ku Eugene, m'chigawo cha Oregon, chipatala chaching'ono cha White Bird chinayambitsa ntchito yotchedwa CAHOOTS mu 1989. Munthu akaimba foni kuti wina wasokonezeka mutu, waledzera n'kugona pamsewu, kapena akufuna kudzipha, kunkapita galimoto yokhala ndi anthu awiri opanda zida, wachipatala ndi mlangizi, atanyamula mabulangete, madzi ndi mankhwala a chithandizo choyamba. Mu 2019 anayankha maulendo pafupifupi 24,000, ndipo anaitana apolisi kuti awathandize pa maulendo osakwana 2 pa 100 alionse. Ndalama zake zinali pafupifupi madola 2 miliyoni pachaka. Eugene ndi mzinda wa azungu ambiri, n'zoona, koma nzeruyi inafalikira. Denver inayamba yake yotchedwa STAR mu Juni 2020, ndipo m'miyezi 6 yoyamba panalibe ulendo ngakhale umodzi umene unathera pa kumanga munthu. Ofufuza anapeza kuti m'madera omwe inkagwira ntchito, malipoti a milandu ing'onoing'ono anatsika ndi 34 pa 100. Ubwino wake pa nkhani ya tsankho ndi wapafupi: munthu amene sanakumane ndi wapolisi sakwera pa sikelo ija n'komwe.

Nkhani ya mfuti ndi yolimba kuposa pamenepo. Gary Slutkin ndi dokotala yemwe anagwira ntchito yolimbana ndi miliri ku Somalia ndi ku Uganda. Atabwerera ku Chicago anaona kuti kuwomberana kumafala ngati kolera: wina akaphedwa lero, abale ndi anzake amakabwezera mawa. Mu 2000 anayambitsa ntchito yomwe pano imatchedwa Cure Violence, yolemba anthu a m'dera lomwelo, ambiri mwa iwo oti anakhalapo m'magulu a zigawenga kapena m'ndende, kuti akhale amkhalapakati. Wina akawomberedwa, iwo amathamangira kuchipatala ndi kusiwa, kukakhala ndi achibale okwiyawo usiku wonse mpaka mtima utsike. Sapereka maina kwa apolisi, chifukwa tsiku lomwe angachite zimenezo palibe mnyamata amene angawauzenso kanthu. Ku Richmond, m'chigawo cha California, DeVone Boggan anapitirira pamenepo. Anasankha anyamata ochepa odziwika kuti ndi amene amawombera, n'kuwapatsa alangizi, maphunziro, maulendo, ndiponso ndalama zofika madola 1,000 pamwezi kwa amene akutsata zomwe anapangana. Anthu ambiri anakwiya, ati boma likulipira zigawenga. Koma kusunga mkaidi mmodzi ku California kumadya madola oposa 100,000 pachaka.

Ndinene mosabisa kuti umboni wa ntchito ya amkhalapakati ndi wosakanikirana. M'madera ena a New York ndi Baltimore kuwomberana kunatsika, kwina sikunasinthe kanthu. Zimadalira amene walembedwa ntchito, momwe akuyang'aniridwira, komanso ngati malipiro akubwera mwezi ndi mwezi. Ndi ntchito yoika moyo pachiswe. Dante Barksdale, mmodzi mwa odziwika kwambiri a gulu la Safe Streets ku Baltimore, anawomberedwa n'kufa mu Januwale 2021. Mzindawo sunabwerere m'mbuyo. Unaphatikiza amkhalapakatiwo ndi njira ina yomwe inayambira ku Boston mu 1996, pomwe abusa, apolisi ndi ogwira ntchito zothandiza anthu amakumana maso ndi maso ndi anyamata ochepa oopsawo n'kuwauza kuti thandizo lilipo, koma akawomberanso lamulo liwagwera onse. Anthu ophedwa ku Baltimore, omwe kwa zaka 8 zotsatizana ankapitirira 300 pachaka, anatsika kufika pafupifupi 200 mu 2024. Ndi gawo liti la kutsikaku lomwe linabwera ndi njira iti, akatswiri akutsutsanabe, poti m'mizinda inanso kupha kunatsika zaka zomwezo.

Zina zomwe zili ndi umboni wamphamvu sizioneka n'komwe ngati zachitetezo. Ku Philadelphia anasankha mwa maere malo opanda nyumba omwe anali tchire ndi zinyalala, ena n'kuwalambula, kubzala kapinga ndi mitengo ndi kuika kampanda kakafupi, ena n'kuwasiya momwemo. M'madera osaukitsitsa, ziwawa za mfuti pafupi ndi malo olambulidwawo zinatsika ndi 29 pa 100. Ku Chicago, achinyamata omwe anapatsidwa ganyu ya milungu 8 pa holide anamangidwa pa milandu ya ziwawa mocheperapo ndi 43 pa 100 m'miyezi 16 yotsatira, poyerekeza ndi anzawo omwe maere sanawagwere.

Kumbali ya makhoti, bungwe la Common Justice ku Brooklyn limatenga milandu ikuluikulu monga kuba moopseza ndi kuvulaza munthu, ndipo ngati wolakwiridwayo wavomera, amawakhazika pansi onse awiri pamodzi ndi abale awo. Amapangana zimene wolakwa achite, kaya kubweza katundu, kumaliza sukulu kapena kugwira ntchito, ndipo akalephera mlandu umabwerera kukhoti. Wokulira kumudzi azindikira fungo la bwalo la mfumu, ngakhale kuti ku Brooklyn chitseko cha ndende chimakhala chili chotsegula kumbuyo kwa wolakwayo. Pa belo, magulu a anthu wamba amasonkha ndalama zowombolera amphawi, New Jersey inatsala pang'ono kuthetseratu belo ya ndalama mu 2017, ndipo Illinois inaithetsa mu Sepitembala 2023.

Mawu oti anthu a m'dera adziteteze okha ali ndi mbali yake yoopsa, ndipo ife amene taonapo woganiziridwa kuba akuotchedwa ndi gulu sitifunika kuuzidwa. Trayvon Martin, mnyamata wachikuda wa zaka 17, anaphedwa ku Florida mu 2012 ndi George Zimmerman, yemwe sanali wapolisi koma wolondera wodzipereka wa m'dera. Kumasulidwa kwa Zimmerman mu 2013 ndi kumene kunabala mawu oti Black Lives Matter, kutanthauza kuti miyoyo ya anthu akuda ndi yofunika. Ahmaud Arbery, wakuda nayenso, anathamangitsidwa ndi kuphedwa ku Georgia mu 2020 ndi anthu wamba omwe anati amafuna kumugwira ngati wakuba. Kusiyana kwa amenewa ndi amkhalapakati aja n'kwakuti amkhalapakati sanyamula zida, sagwira munthu, sapereka chilango, ndipo amachokera pakati pa anthu omwe akuwathandizawo.

Vuto lalikulu la njira zonsezi ndi ndalama. Bajeti ya polisi imabwera chaka ndi chaka popanda wofunsa ngati umbanda watsika, pomwe magulu a m'madera amadalira thandizo la chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo amafunsidwa umboni nthawi zonse. Lamulo lokonza polisi lotchedwa dzina la George Floyd linadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo mu Malichi 2021 n'kukafera m'nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Senate. Mu Epulo 2025 unduna wa zachilungamo unadula thandizo lomwe unkapereka ku magulu ambiri oletsa ziwawa m'madera. Mwezi womwewo galimoto za CAHOOTS zinasiya kuyenda mu Eugene chifukwa chosowa ndalama, patatha zaka zoposa 35, n'kutsala mumzinda woyandikana nawo wa Springfield. Mu Meyi, kutatsala masiku ochepa kuti zikwane zaka 5 Floyd ataphedwa, undunawo unalengeza kuti ukusiya mapangano omwe akanaika polisi ya ku Minneapolis ndi ya ku Louisville pansi pa diso la khoti la boma lalikulu. Ku Minneapolis kwatsala pangano lina lomwe mzindawo unasainirana ndi boma la chigawo cha Minnesota mu 2023, ndipo limenelo likugwirabe ntchito.